Anali Mfumu ku Sekondale, Nanga ku Koleji Zinamuthera Bwanji?

(Nyimbo yotsegulira, itsike pang'onopang'ono)

MUULUTSI: Lero tili ndi nkhani ya ku America, imene okonda liwiro kumeneko amakangana mpaka mawu kusasa. Mwana amatchuka ali ku sekondale, kuthamanga mitunda yaitali osaona womutsatira. Akalowa koleji anthu amayamba kufunsana kuti kodi zimene ankayembekezera zija wazichita, kapena wangozilala? Kuti tithandizane nkhaniyi, ndili ndi mphunzitsi wa liwiro muno. Takulandirani, Aphunzitsi.

MPHUNZITSI: Zikomo Mayi.

MUULUTSI: Tiyambe n'kumvetsa malo ake. Bwanji koleji ili ndi mphamvu chonchi pa liwiro la ku America?

MPHUNZITSI: Chifukwa kumeneko njira ya wothamanga imadzera kusukulu. Mayunivesite amalimbirana ana aluso, kuwalipirira fizi, chakudya ndi malo ogona kuti azithamangira sukuluyo. Mipikisano yawo imayendetsedwa ndi bungwe la NCAA, ndipo pa chaka pamakhala nyengo zitatu. Kuyambira September mpaka November amathamanga cross country, m'maudzu, m'matope ndi m'zitunda. Kukazizira kwambiri amalowa m'mabwalo ofolera mpaka March. Akatuluka m'menemo amapita pa bwalo la panja la mamita 400 mpaka June. Ndiye wothamanga mitunda yaitali sapuma kwenikweni, amafunika nyengo zonse zitatu.

MUULUTSI: Ndipo mwatisankhira anyamata atatu kuti tiwaike pa sikelo.

MPHUNZITSI: Eya, atatu amene anamaliza sekondale chaka chimodzi, 2001. Alan Webb wa ku Virginia, Dathan Ritzenhein wa ku Michigan ndi Ryan Hall wa ku California. Kumapeto kwa 2000 anakumana pa mpikisano waukulu wa cross country wa ana a sekondale wotchedwa Foot Locker. Ritzenhein anapambana, Webb anali wachiwiri, Hall wachitatu. Nthawi imeneyo liwiro la mitunda yaitali la America linali litalowa pansi, mendulo zikungopita ku Kenya, Ethiopia ndi Morocco. Anthu atawaona atatuwa anati opulumutsa aja abwera. Katundu ameneyu anawasenzetsa ali ndi zaka 18 zokha.

MUULUTSI: Tiyambe ndi Webb, poti ndiye anamveka kwambiri.

MPHUNZITSI: Anamvekadi. Pa 27 May 2001, ku Eugene m'chigawo cha Oregon, anamuika mu mpikisano wa akuluakulu wa Prefontaine Classic, mtunda wa mailo imodzi. Mailo ndi mamita 1,609, kuzungulira bwalo kanayi n'kapang'ono. Mu mpikisanowo munali Hicham El Guerrouj wa ku Morocco, mwini wake wa rekodi ya dziko lonse, ndipo ndiye anapambana. Webb anamaliza wachisanu, koma wotchi inaonetsa mphindi 3 ndi masekondi 53.43. Rekodi ya ana a sekondale inali ya Jim Ryun, mphindi 3 ndi masekondi 55.3, ndipo inakhala osakhudzidwa kuyambira 1965. Zaka 36, Mayi, mwana uyu n'kudzaiphwanya. Anamuitana mpaka pa wailesi za kanema zimene nthawi zonse sizilabadira za liwiro.

MUULUTSI: Ndiye analowa University of Michigan, n'kukhalako chaka chimodzi chokha, osapambana mpikisano uliwonse wa NCAA. Aphunzitsi, apa tisazungulire. Ameneyu ku koleji analephera.

MPHUNZITSI: Musafulumire kugamula, tione kaye zimene anachita m'chaka chimodzicho. Mu cross country anapambana mpikisano wa Big Ten, womwe ndi mgwirizano wa mayunivesite akuluakulu a dera limenelo. Pa mpikisano wa dziko lonse wa NCAA anamaliza pa nambala 11 mwa othamanga oposa 200. Kenako anavulala mtsempha wa kuchidendene, nyengo ya m'bwalo lofolera inamudutsa ali pa benchi. Atachira anapambananso Big Ten pa mamita 1,500, ndipo pa NCAA anakhala wachinayi. Tsopano ndikufunseni. Nditakuuzani za mwana wa chaka choyamba amene wachita zimenezi, osakutchulirani dzina, munganene kuti chiyani?

MUULUTSI: Ndinganene kuti sukuluyo yatola chikwama.

MPHUNZITSI: Mwaonatu. Zotsatira ndi zomwezo, chasintha ndi dzina basi. Anthu sankamuyerekeza Webb ndi ana anzake a chaka choyamba. Ankamuyerekeza ndi tsiku limodzi la mu May ku Eugene, tsiku limene zonse zinamuyendera: thupi lili bwino, nyengo yabwino, akatswiri a dziko lonse akumukokera kutsogolo. Tsiku lotero silibwera sabata iliyonse. Mipikisano ya NCAA ya mamita 1,500 nthawi zambiri imayamba mozemberana, aliyense kudikira mnzake, n'kudzaphulika pozungulira komaliza. Pamenepo rekodi yako siikuthandiza, chofunika n'kudziwa poima ndi nthawi yotulukira.

MUULUTSI: Komabe iye mwini sanakhutire, poti anachoka.

MPHUNZITSI: Zoona. Mu 2002 anasiya timu ya Michigan ya mphunzitsi Ron Warhurst, n'kusaina kontirakiti ndi kampani ya Nike, n'kubwerera kwa mphunzitsi wake wa ku sekondale, Scott Raczko. Ndiye mukandifunsa ngati koleji inamuyendera monga ankafunira, ndiyankha kuti ayi. Koma kunena kuti luso linamuthera n'kulakwitsa. Mu 2004 anapita ku Olympics ku Athens. Mu July 2007, ku Brasschaat m'dziko la Belgium, anathamanga mailo pa mphindi 3 ndi masekondi 46.91, kuphwanya rekodi ya America imene Steve Scott anaisunga zaka 25.

MUULUTSI: Mwatchula kuti anali wa nambala 11 pa cross country. Munthu wozolowera kutsogola, zimatheka bwanji kuti anthu khumi amudutse?

MPHUNZITSI: Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Kupambana ku sekondale kumatiuza kuti mwanayu waposa anzake a msinkhu wake, a zaka 14 mpaka 18. Akalowa koleji amapeza akatswiri a zaka zinayi kapena zisanu zapitazo, onse ali pamzere umodzi, ena akuchokera kunja. Amene anapambana mpikisano wa 2001 uja anali Boaz Cheboiywo wa ku Kenya, wa Eastern Michigan University, ali ndi zaka 23. Kusiyana kwa zaka zisanu pa mitunda yaitali n'kwakukulu, chifukwa mtima, mapapo ndi miyendo zimalimba ndi makilomita a zaka zambiri. Kuonjezera apo mtunda umasintha. Ku sekondale cross country ndi makilomita 5. Ku NCAA anyamata amathamanga makilomita 10 pa mpikisano womaliza, atsikana makilomita 6. Mnyamata amene mphamvu yake ili pa mailo amapezeka akuthamanga kawiri mtunda umene anauzolowera.

MUULUTSI: Ndiye kuti ena amatsogola ku sekondale chifukwa chongofulumira kukula?

MPHUNZITSI: Ambiri ndithu. Wina amatha msinkhu msanga, thupi la munthu wamkulu ali Fomu 2. Wina amakhala kuti wayamba kale kuthamanga makilomita ochuluka pa sabata pamene anzake akungoseweretsa. Onsewa amaoneka ngati ali patali, koma mbali ina ya mtunda umene atsogola nawo ndi wa ngongole. Anzawo akakula n'kuyamba kulimbikira chimodzimodzi, ngongole ija imabwezedwa. Mwanayo sanabwerere m'mbuyo, anzake ndiwo amupeza. N'chifukwa chake mphunzitsi wanzeru akamasankha mwana safunsa nthawi yokha. Amafunsanso kuti wakhala akuthamanga zaka zingati, ndiponso makilomita angati pa sabata, kuti adziwe ngati patsala malo okulira.

(Nyimbo mwachidule)

MUULUTSI: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukambirana za momwe tingaweruzire katswiri wa liwiro wa ku sekondale akalowa koleji, ndipo zitsanzo zathu zikuchokera ku America. Aphunzitsi, tamva za Webb. Nanga Ritzenhein?

MPHUNZITSI: Ameneyu ndiye anayamba bwino kuposa anzake. Asanalowe n'komwe koleji, mu March 2001, anapeza mendulo ya nambala 3 pa mpikisano wa achinyamata wa cross country wa dziko lonse ku Ostend, pakati pa ana a ku East Africa. Anapita ku University of Colorado, kwa mphunzitsi Mark Wetmore. Pa mpikisano uja Webb anali wa nambala 11, iye anali wachinayi, ndipo timu yake inatenga chikho. Koma chaka chotsatira fupa la m'ntchafu linachita mng'alu, nyengo yonse ya cross country ya 2002 anaionera kunja kwa chingwe.

MUULUTSI: Mng'alu wa fupa popanda kugwa kapena kugundidwa?

MPHUNZITSI: Popanda ngozi iliyonse. Phazi likamamenya pansi kambirimbiri tsiku ndi tsiku, fupa limachita timing'alu tosaoneka, ndipo limadzikonza lokha munthu akapuma ndi kudya mokwanira. Ntchito ikachuluka kuposa mpumulo, timing'alu tija timalumikizana. Wothamanga amayamba kumva kuwawa pamalo amodzi, poti akhoza kuloza ndi chala. Poyamba kumabwera akathamanga, kenako ngakhale akungoyenda. Vuto ndi lakuti mtima ndi mapapo zimazolowera ntchito msanga kuposa mafupa, ndiye mwana waluso amamva kuti akhoza kuonjezera pamene mafupa ake sanakonzeke. Ana a chaka choyamba amagwa m'mbuna imeneyi kawirikawiri, chifukwa tsiku lililonse amafuna kuonetsa akuluakulu a m'timu kuti sanabwere mwangozi.

MUULUTSI: Anabwerera koma?

MPHUNZITSI: Anabwerera, ndipo kubwerera kwake kukutifikitsa kwa wachitatu uja, Ryan Hall. Hall anapita ku Stanford ali ndi maloto okhala katswiri wa mailo. Zaka ziwiri zoyamba zinamuwawa: kuvulala, kumalizira kutali ndi otsogola, mtima kugwa. Iye mwini wakhala akufotokoza kuti m'chaka chachiwiri anasiya kaye sukulu n'kubwerera kwawo ku Big Bear, asakudziwa ngati apitirize. Mukanafunsa okonda liwiro nthawi imeneyo, akanakuuzani kuti mwa atatu aja, Hall ndiye watha.

MUULUTSI: Ndiye zinatembenuka liti?

MPHUNZITSI: Mu November 2003, ku Waterloo m'chigawo cha Iowa, tsiku lozizira koopsa, othamanga atavala zipewa ndi magolovesi, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Makilomita akutha, gulu lotsogola likuphwasuka, mpaka kutsogolo kunatsala anthu awiri: Ritzenhein wochokera kovulala ndi Hall amene anthu anali atamuiwala. Analowa m'chigawo chomaliza ali phewa ndi phewa. Ritzenhein anafinya kotsiriza n'kupambana ndi sekondi imodzi yokha n'kadontho, patatha makilomita 10. Hall anali wachiwiri, ndipo timu yake ya Stanford inatenga chikho. Mu 2005, chaka chake chomaliza, Hall anapambana mamita 5,000 pa NCAA.

MUULUTSI: Ndiye chigamulo chimadalira chaka chimene mwafunsira funsolo.

MPHUNZITSI: Ndi mfundo imene ndikufuna omvera aigwire. Mu 2002 mukanati Webb wakhumudwitsa, Ritzenhein wathyoka, Hall watayika. Mu 2005 mukanati awiri ali ndi zikho za NCAA. Mukadikira pang'ono muona Hall akuthamanga theka la marathoni ku Houston mu 2007 pa mphindi 59 ndi masekondi 43, munthu woyamba wa ku America kutsika pansi pa ola limodzi. Muona Ritzenhein akuphwanya rekodi ya America ya mamita 5,000 ku Zurich mu 2009, mphindi 12 ndi masekondi 56.27. Pa marathoni ya Olympics ku Beijing mu 2008, Ritzenhein anali wa nambala 9, Hall wa nambala 10. Taonani za Hall makamaka. Analowa koleji akufuna mailo, koma mphatso yake inali pa makilomita 42. Kumuweruza ndi mailo kukanakhala kumuyesa mayeso a phunziro lina. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika, ndipo othamanga mitunda yaitali ambiri amafika pachimake atadutsa zaka 25, koleji atamaliza kale.

MUULUTSI: Mwakamba za anyamata okhaokha. Ife amayi tikumva kuti mwatisiya.

MPHUNZITSI: Sindingayerekeze, Mayi. Nkhani ya atsikana ndiyo yovuta kwambiri kuweruza. Titenge Jordan Hasay wa ku California. Anapambana Foot Locker mu 2005 ali m'chaka choyamba cha sekondale, n'kudzapambananso mu 2008. Chaka chomwecho cha 2008, ali ndi zaka 16, anathamanga nawo mpikisano wosankha timu ya Olympics ku Eugene. Anaphwanya rekodi ya ana a sekondale pa mamita 1,500, mphindi 4 ndi masekondi 14.50, ndipo khamu la m'bwalomo linayamba kufuula mogwirizana kumuitana kuti adzaphunzire pa University of Oregon. Tangoganizani kamtsikana kakang'ono thupi, tsitsi lalitali likuuluka kumbuyo, bwalo lonse likuitana iko. Anapitadi ku Oregon.

MUULUTSI: Ndipo anapambana?

MPHUNZITSI: Mu 2011 anapambana mipikisano iwiri ya NCAA ya m'bwalo lofolera, mailo ndi mamita 3,000. Pa cross country anakhala wachitatu mu 2010, wachiwiri mu 2011, wachitatu mu 2012, ndipo chaka chomalizacho anatsogolera timu yake kutenga chikho. Koma payekha sanapambanepo cross country ya NCAA, ngakhalenso mpikisano wa NCAA wa pa bwalo la panja. Ndiye pali anthu amene mpaka lero amati sanafike pamene ankayenera.

MUULUTSI: Inu mukuti bwanji?

MPHUNZITSI: Ine ndikuti anakwanitsa, ndipo chifukwa changa ndi ichi. Mtsikana amene watchuka ali ndi zaka 14 amakhala asanamalize kukula. Akamakula thupi limasintha, chiuno chimatambasuka, sikelo imakwera, ndipo kwa chaka kapena ziwiri liwiro likhoza kuima kapena kutsika. Zimenezi n'zachilengedwe ndipo zimadutsa. Ngozi imabwera mtsikanayo kapena mphunzitsi wake akayamba kulimbana ndi thupilo pochepetsa chakudya. Thupi likaperewera chakudya msambo umasiya, mafupa amafooka, magazi amachepa, kuvulala kumangotsatizana. Atsikana ambiri amene anali akatswiri ali aang'ono anathera pamenepo. Ndiye mtsikana amene anali pamwamba ali ndi zaka 14, n'kukhalabe m'gulu la atatu oyamba zaka zitatu zotsatizana ku koleji, wachita chinthu chosowa. Ndipo mu 2017 anakhala wachitatu pa marathoni ya Boston, n'kukhalanso wachitatu ku Chicago pa maola 2, mphindi 20 ndi masekondi 57.

MUULUTSI: Koma Aphunzitsi, mukapitiriza chonchi aliyense apezeka kuti anakhoza. Kodi palibe amene tinganene mosabisa kuti sizinayende?

MPHUNZITSI: Alipo, ndipo kunena zoona sikunyoza. Mwana amene wakhala zaka zinayi ku koleji, thupi lili bwino, mphunzitsi alipo, koma nthawi zake sizinatsike ngakhale pang'ono poyerekeza ndi za ku sekondale, ameneyo sanapite patsogolo. Wotchi siikondera. Chimene ndikukana n'kuweruza ndi zikho zokha. Chikho cha cross country ndi chimodzi pa chaka, ndipo mukhoza kubadwa nthawi imodzi ndi munthu wosagonjetseka. Edward Cheserek wa ku Kenya, amene anaphunzira sekondale ku Newark n'kupita ku Oregon, anapambana mipikisano 17 ya NCAA, kuphatikizapo cross country katatu motsatizana kuyambira 2013. Anyamata abwino kwambiri anamaliza koleji opanda chikho chifukwa anakumana ndi iye. Kodi onsewo tiziti analephera?

MUULUTSI: Ndiye poweruza tiziyang'ana chiyani?

MPHUNZITSI: Yambani ndi wotchi: kodi nthawi zake zatsika pa mtunda umene akuthamanga? Kenako onani amene anali naye pamzere, ndi zaka zawo. Muwerengenso miyezi imene anali wovulala, chifukwa simungamuimbe mlandu wosapambana mpikisano umene sanathamange, ngakhale mukhoza kufunsa chimene chinamuvulaza. Ndipo funsani kuti chiyembekezocho anachilemba ndani. Mphunzitsi amafuna mapointi a timu nyengo zitatu pa chaka. Ochemerera amafuna rekodi. Mwanayo mwina akufuna digiri ndi thupi loti lidzathamangebe ali ndi zaka 30. Zofuna zitatuzi nthawi zina zimakokana.

MUULUTSI: Nanga mbali inayo, ana amene ku sekondale sankatchulidwa n'komwe?

MPHUNZITSI: Amenewo ndiwo amatsimikiza kuti sekondale si mneneri wodalirika. Rekodi ya America ya mailo imene Webb anaika inakhala zaka 16. Amene anaiphwanya mu 2023 ndi Yared Nuguse, pa mphindi 3 ndi masekondi 43.97. Nuguse ku sekondale kwawo ku Louisville anali wothamanga wabwino m'chigawo chake cha Kentucky, koma sanali dzina lomveka dziko lonse monga Webb. Anakulira ku University of Notre Dame, kumene anapambana mamita 1,500 pa NCAA mu 2019, ndipo mu 2024 anapeza mendulo ya nambala 3 pa Olympics ku Paris. Mphunzitsi amene anamufikitsa pa rekodi ndi mendulo imeneyo ndi Dathan Ritzenhein. Palibe amene amafunsa ngati Nuguse anakwaniritsa chiyembekezo, chifukwa panalibe amene anamusenzetsa.

MUULUTSI: Nthawi yatithera. Mawu anu omaliza kwa aphunzitsi a masewera ndi makolo amene ali ndi mwana wothamanga kwambiri pasukulu?

MPHUNZITSI: Sungani kabuku. Muzilembamo nthawi zake, makilomita a pa sabata, masiku opuma ndi pamene wadandaula kuwawa. Makilomita muzionjezera pang'onopang'ono, chakudya chisamaperewere, ndipo akaloza ndi chala malo amodzi pafupa, apume n'kukaonana ndi adokotala. Akakwera kalasi n'kuyamba kugonja kwa akuluakulu, mutsegulireni kabukuko aone yekha ngati nthawi zake zikutsika. Ngati zikutsika, ali pa njira, ngakhale atamaliza wa nambala 11.



(Nyimbo yotsekera)